NSOLO YA MADZULO KU LIVINGSTONE

Mlendo wofika ku Livingstone amathamangira ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, nakaima pa mlato wa njanji, nalowanso m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Atatero amabwerera kwao nati mbiri ya mzinda uja waidziwa. Komatu iripo mbiri yina imene sinalembedwe pa mwala uli wonse wa cikumbutso. Imeneyo inakumbidwa pansi ndi kamtengo, m'timaenje ta mizere inai, pamthunzi kuseri kwa nyumba za m'komboni, pamene amuna anali kukomana dzuwa litapendeka kuti asewere nsolo. Boma silinawaitane, misyoni sinawasonkhanitse, ndipo panalibe mlembi wolemba maina ao. Koma amuna omwewo anali kufika pa malo omwewo sabata ndi sabata.

Kuti munthu amvetse cimene anali kufuna pamenepo, ayambe wadziwa m'mene mzindawo unabadwira. Eni dziko la pafupi ndi mathithi ndiwo anthu a Mukuni, a Sekute ndi a Musokotwane, ochedwa Aleya ndi Atoka. David Livingstone anafikako mu November 1855 pamodzi ndi Akololo a Sekeletu, koma sanamange kanthu. Azungu oyamba kukhazikika anamanga pa dooko la Old Drift, kumtunda kwa mathithi, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Pamenepo udzudzu unali wosaneneka, malungo napha ambiri, ndipo manda ao alipo kufikira lero. Njanji yocokera ku Bulawayo inafika pa Zambezi mu 1904, mlato unatsegulidwa mu September 1905, ndipo anthu anacoka ku Old Drift nakwera pa mtunda wa mcenga pamene mzinda uli tsopano. Mu 1907 Boma la Kampani ya British South Africa linasamutsa likuru lace kucokera ku Kalomo kudza ku Livingstone. Ndipo mu 1911, pamene dziko la kum'mawa ndi la kumadzulo anaphatikizidwa nakhala Northern Rhodesia, mzindawu unakhala likuru la dziko lonse.

Cotero m'zaka zoyamba zija munalibe munthu wamkuru m'mzindamo amene akadati, “Mcombo wanga unagwera pano.” Onse anali obwera. Alozi anatsika ndi mtsinje kucokera ku Barotseland, Atonga ndi Aila anacokera kumtunda, Aluvale ndi Ambunda anacokera kutali kumpoto ca kumadzulo. Kampani ya Zambezi Saw Mills inalemba anthu ambiri oceka mitengo ya mukusi yopangira mitanda ya njanji, nimanganso njanji yace yace yonka ku Mulobezi. Ena anali a nchito ya sitima, ena ophika ndi ocapa m'nyumba za Azungu, ena onyamula katundu m'masitolo a Amwenye ndi Ayuda. Angoni, Acewa ndi Ansenga a ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, ambiri analowa upolisi, ndipo Cinyanja ndico cinali cinenero ca pa perete. M'maofesi a Boma akalaliki ambiri anali a ku Nyasaland, ophunzira ku misyoni ya Blantyre ndi ya Livingstonia. Wowerenga asasokoneze dzina limeneli ndi la Livingstone, pakuti Livingstonia iri pa phiri pamwamba pa nyanja ya Malawi, kutali ndithu. Pamene Merran McCulloch anawerenga anthu akuda a m'mzindamo, m'buku limene Rhodes-Livingstone Institute inasindikiza mu 1956, anapeza kuti ocokera ku Barotseland ndiwo anacuruka, koma mitundu yina inalimo yambiri mbiri.

Mzinda unali wogawika pawiri. Azungu anali ndi kalabu yao, bwalo lao la gofu, ndi mipikisano ya mabwato pa Zambezi. Mu 1910 anaitana ngakhale akatswiri awiri opalasa, Richard Arnst wa ku New Zealand ndi Ernest Barry wa ku England, kudzalimbirana ukatswiri wa dziko lonse lapansi pa mtsinje umenewo. Anali nayonso nyuzi yao, Livingstone Mail, imene Leopold Moore anaiyamba mu 1906, yolemba za masewera ao onse. Anthu akuda anali kugona ku Maramba, m'komboni ya njanji, m'komboni ya maceka ndi ku kampu ya apolisi. Libuyu ndi Linda zinadza pambuyo. Mwamuna anali kuyenda ndi citupa, ndipo wopezeka usiku kudera la Azungu wopanda kalata ya bwana wace anali kukagona m'ndende. Ambiri anasiya akazi ao kumudzi. Tsono nthawi yoweruka itakwana, munthu wotere anke kuti? Ku nyumba ya mowa ya Manisipaliti kunali cimwemwe, koma kunali kumeza ndarama ya msonkho ndi ya bulangete la amai kumudzi. Njuga inali kutha ndi ndeu, apolisi naigwira. Magule akwao anafuna ng'oma ndi gulu ndi tsiku la Sabata. Nsolo yokha sinafune kanthu: dothi liripo, miyala iripo, ndipo nzeru yace munthu anabwera nayo m'mutu kucokera kwao.

Codabwitsa ca masewerawa ndi ici, kuti anthu osamvana cinenero, amene makolo ao anathirana nkhondo, anapeza kuti onse anakula akuona akuru ao atawerama pa maenje omwewo. Ngakhale dzina lomwe likunga limodzi. Anyanja ati nsolo, Aila ndi Atonga cisolo, Awemba icisolo, Aluba a ku Congo kisolo, Asukuma a ku Tanzania isolo, a ku Rwanda igisoro, Mashona tsoro. Alozi amati mulabalaba. Kumadzulo kwa Africa ndi ku maiko a Aluya amasewera pa mizere iwiri. Mizere inai ndiyo ya kum'mawa, pakati ndi kumwera. Ukale wace suli wa dzulo. Mfalansa Étienne de Flacourt anaona masewera a mtundu umenewu ku Madagascar nawalemba m'buku la 1658, Dr. Meredith Sanderson, dotolo wa Boma ku Nyasaland, analongosola mitundu yace ingapo mu 1913. Ndipo Edwin Smith ndi Andrew Dale analemba za cisolo m'buku lao la mbiri ndi miyambo ya Aila mu 1920.

Kaseweredwe kace nkotere. Pali mizere inai ya maenje. Iwiri ya kufupi ndi munthu ndiyo yace, iwiri inayo nja mnzace, ndipo mwala wa munthu suoloka kunka ku maenje a mdani. Poyamba amaika miyala iwiri iwiri m'dzenje liri lonse. Wosewera amatapa miyala yonse ya m'dzenje limodzi naigwetsa umodzi umodzi m'maenje otsatana, kuzungulira mizere yace iwiri: mzere wa kumbuyo kunka kudzanja lamanja, wa kutsogolo kubwerera kumanzere. Mwala wotsiriza ukagwa m'dzenje muli miyala yina, amatapanso yonseyo napitirira. Ulendo umodzi ungazungulire kawiri kapena katatu, oonerera ali cete, maso ali pa dzanja. Ukagwa m'dzenje lopanda kanthu, ulendo watha, wagona. Koma dzenjelo likakhala la mzere wa kutsogolo, ndipo dzenje la mnzace lopenyana nalo liri ndi miyala, pamenepo wadya: amacotsa miyala imeneyo pamodzi ndi ya m'dzenje la kumbuyo kwace. Amene miyala yamthera ndiye wagonja.

Pongomva zioneka zapafupi, ngati za ana. Koma wodziwa sakhudza mwala asanawerenge mumtima kumene wotsiriza udzagwera, ndi kumene yotapidwa pamenepo idzathera, ndi cimene mnzace adzamcita pambuyo pace. Ndipo woloza maenje ndi cala powerenga amasekedwa. Mnyamata wotsiriza sukulu, wonyadira masamu ace a m'kope, akakhala pansi ndi nkhalamba yosadziwa kulemba dzina lace, kawiri kawiri amanyamuka alibe mwala ndi umodzi womwe, osadziwa ngakhale pamene anayambira kulakwa.

Bvuto la ku Livingstone linali pa malamulo. Masewera ngamodzi, koma dziko liri lonse linali ndi mwambo wace. Ena anazolowera maenje 8 pa mzere, ena 12, ena mzere wautali wa maenje 20 ndi kuposa, umene amasewerapo anthu awiri kapena atatu mbali imodzi, wina akulandira miyala pamene dzanja la mnzace laleka kufika. Aila akadya anali ndi ufulu wocotsanso miyala ya m'dzenje lina liri lonse la mdani limene afuna, ndiko kusuwa. Ena mwambo umenewo sanaudziwe konse. Kwina mwala wokhala wokha suyenda pamene pali dzenje la miyala iwiri, kwina uyenda. Ndipo munthu wa ku Nkhotakota, kapena Myao wa ku Fort Johnston, ndiko ku Mangochi, anabwera ndi bao la Aswahili, la maenje 32 ndi nkhomo 64. M'menemo muli dzenje la ngodya zinai lochedwa nyumba, nkhomo zambiri ziyamba ziri m'manja, ndipo zodyedwa sizitayidwa kunja koma zilowa kumbali ya wakudyayo kukamcurukitsira mphamvu. Wa bao anali kuyesa nsolo masewera a abusa a mbuzi. Wa nsolo nayesa bao masewera a anthu okonda milandu.

Pamudzi mkangano wotere sukadabuka, pakuti mwambo ngwa makolo, ndipo akuru oudula alipo. Ku Maramba kunalibe makolo a onse. Asanagwetse mwala woyamba anayenera kupangana: maenje angati, kusuwa kulipo kapena iai, mwala umodzi uyenda liti. Anapangana m'Cilozi cothyoka, m'Cinyanja ca kupolisi, m'Cilapalapa ca kumigodi, ndi manja omwe. Cimene anabvomerezana cinakhala lamulo la patsinde pa mtengo umenewo, ndipo mlendo wofika mawa lace nayamba kutsutsa anali kuuzidwa kuti, “Kwanu nkwanu, acimwene, pano timatere.” Cimeneci sicinali cinthu cacing'ono. Malamulo ena onse a m'tauni, a citupa, a msonkho, a lendi ya nyumba, a kuphika mowa, anabwera olembedwa kale kucokera ku ofesi ya Bwanamkubwa ndi ya Manisipaliti, munthu wakuda osafunsidwa. Lamulo la pansolo ndilo analipanga okha, anthu a mitundu yosiyana, nalisunga popanda kapaso kapena cikoti.

Magulu otere anali ndi nthawi zao. Dzuwa la ku Livingstone, makamaka mu October, silola munthu kukhala pabwalo masana. Cotero anali kuyamba litafooka, naleka mdima utabisa miyala, kapena kupitirira ndithu mwezi ukawala, kapena wina akabwera ndi nyali ya parafini. Koma nthawi yeni yeni inali Loweruka madzulo ndi Lamulungu atacoka ku mapemphero. Osewera ndi awiri, ozungulira khumi. Wogonja anyamuka, wina nakhala pamalo pace. Oonerera saloledwa kulangiza, ndipo mwa malamulo onse limeneli ndilo linasweka masiku onse: wina atsokomola, wina aguguda phazi, wina ayang'ana kumwamba nausa moyo pamene dzanja la mbale wace lasendera ku dzenje lolakwika.

Kunchito kalaliki wobvala kolala anali patali ndi wonyamula matabwa, ndipo ena a iwo anakonda kuti mtunda umenewo uoneke. Pansolo anakhala pa pfumbi limodzi. Wamkuru anali kuchedwa “bambo” kapena “madala” angakhale ali wosesa pabwalo la ofesi, ndipo kalaliki wodyedwa miyala yonse analibe Cingelezi comupulumutsa. Pamenepo panakulanso cimbuya. Alozi ndi Atonga, Angoni ndi Awemba, amene makolo ao anamenyana, m'tauni anasanduka abale onyozana mwa nthabwala popanda mlandu. Mtonga akadya miyala ya Mlozi anali kunena kuti angobweza ng'ombe zimene ankhondo a Lewanika analanda kwa agogo ace. Mngoni akagonja kwa Muwemba anali kumva za kudya mbewa, iye nabwezera za kudya anyani. J. Clyde Mitchell, m'buku lace la 1956 lonena za gule wa kalela ku migodi ya mkuwa, anaonetsa kuti cibale cimeneci sicinali ca kuseka kokha: munthu akafera kutali ndi kwao, acimbuya ndiwo anali kugwira nchito za maliro zimene kumudzi agwira adzukuru.

Mwamuna wa m'komboni anaopa zinthu ziwiri koposa ndende: kudwala wopanda womphikira phala, ndi kufa wopanda womuika. Wokhala ndi malo ace pansolo analibe mantha otere kwambiri. Akapanda kuoneka masiku awiri panali wofunsa, “Kodi acimwene aja a kumaceka ali kuti?” wina nanyamuka kukagogoda pakhomo pace. Pomwepo wonka kumudzi pa chuthi anali kulandira makalata ndi timitolo ta sopo ndi mcere ta anzace. Wodziwa kuwerenga anali kuwerengera osadziwa kalata ya kwao, kapena nyuzi ya Mutende imene Boma linayamba mu 1936. Wofuna nchito anamva kuti kwa Mzungu wakuti afuna wophika. Wosowa ndarama ya msonkho anakongola kufikira mwezi utatha.

Kungakhale kunama kunena kuti ndale za dzikoli zinabadwira pansolo. Zinabadwira m'misonkhano ya anthu ophunzira, ya wapampando ndi mlembi ndi buku. Mu 1930 akalaliki a Boma, pakati pao Isaac Nyirenda ndi Edward Tembo, anayambitsa Livingstone Native Welfare Association, yodandaulira Boma za citupa ndi za kunyozedwa kwa anthu akuda m'miseu ndi m'masitolo. Mabungwe otere a m'matauni anagwirizana mu 1946, ndipo mu 1948 anabala Congress. Koma msonkhano wa bungwe unali wa kamodzi kamodzi, Boma liri khutu cire. Zonenedwa m'menemo zinafika kwa woceka matabwa ndi wophika kudzera pa malo onga pansolo, pamene kalaliki anali kuzimasulira pakati pa ulendo ndi ulendo wa miyala. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, msonkhano wa poyera unafuna cilolezo. Amuna khumi owerama pa maenje sanafune cilolezo ca munthu.

Cimene cinapasula magulu ambiri ndico kusamuka kwa Boma. Livingstone unali kumalire kweni kweni kwa dziko, kotentha, kutali ndi migodi ya mkuwa imene inayamba kukula. Cotero mu 1931 anasankha Lusaka, ndipo mu 1935 likuru linasamuka. Akalaliki ndi amesenjala anakwera sitima ndi mabokosi ao. Nsolo sinafune bokosi: ku Lusaka anakumba maenje ena, ndipo Cinyanja cao cinathandiza kuti cikhale cinenero ca mzinda watsopano. Otsala ku Maramba ndiwo anamva kusowa. Munthu angapeze nchito yina msanga, koma mnzace wolingana naye nzeru, amene adziwa macenjera ace onse nawabisalira, sapezeka m'mwezi umodzi.

Livingstone unatsala ndi njanji, maceka, ndi nyumba ya zinthu zakale imene inayamba mu 1934 nilowa m'nyumba yace yatsopano mu 1951. Mwa akatswiri okhala m'mzindamo munali J. H. Chaplin, woyang'anira malo a mbiri yakale, amene mu 1956 analemba za masewera a maenje a ku Northern Rhodesia m'magazini ya ku London yochedwa Man. Cotero cinthu cimene Azungu anacipitirira zaka 50 panjira, osaceuka, cinalowa m'mabuku a anthu ophunzira.

Pa nthawi imeneyo nsolo inali itapeza opikisana nayo. Drafuti inafala ndi masukulu, ndi asilikari obwerera ku nkhondo ya 1939 mpaka 1945, ndi maholo a cisangalalo omangidwa ndi phindu la mowa wa Manisipaliti. Inali yosabvuta kupanga, thabwa limodzi ndi zitsekero za mabotolo, ndipo anyamata ophunzira anaikonda cifukwa inanunkhira Cizungu. Ndi masewera abwino ndithu, ofuna nzeru. Koma anadza ndi malamulo a eni ace. Kunadzanso mpira, ndi kanema, ndipo mu 1949 wailesi ya mtengo wocepa yochedwa Saucepan Special, imene inasonkhanitsa anthu madzulo kudzamva nyimbo ndi nkhani zocokera ku Lusaka. Pa wailesi anthu akhala pamodzi, koma wolankhula ndi mmodzi, ndiponso ali kutali.

Akazi sanakhale pansolo ya amuna. Atsikana anali ndi ciyato cao. Pamene mabanja anacuruka m'komboni, nsolo inapeza adani ace oona, ndiwo amai ophika nsima nizizira, mwana atatumidwa kawiri kukaitana atate ace, yankho liri lomwelo, “Uwauze amako ndirinkudza.” Dandaulo limenelo linali la cilungamo. Mwamuna anaweruka nakapuma pamthunzi. Mkazi wotunga madzi pa mpope wa komboni analibe ora loweruka.

Zambia inalandira ufulu pa 24 October 1964. Citupa cinatha, anthu akuda analowa m'nyumba ndi m'makalabu amene kale anawaonera kunja, ndipo mzinda unapeza mafakitale a nsaru ndi fakitale yolumikiza galimoto za Fiat. Koma mu January 1973 Rhodesia inatseka malire pa mlato, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mafakitale ambiri anatsekedwa. Pamenepo nsolo inasintha nthawi yace. Ya madzulo inali ya anthu otopa ndi nchito. Tsopano inayamba kuoneka m'mawa, ya amuna obvala bwino osowa konka, ndipo wodutsa anatha kudziwa za umphawi wa mzinda poona ora limene miyala yayamba kuyenda. Mu 2011 Boma linalamula kuti likuru la cigawo ca kumwera lisamukire ku Choma, akalaliki nanyamukanso kaciwiri monga anacitira a 1935. Malo a kampani ya maceka asanduka nyumba yoonetseramo sitima zakale.

Masiku ano mzinda udya za alendo odzaona mathithi. Pa msika wa zosema wa Mukuni Park, pakati pa njobvu ndi mvuu za mtengo, pali matabwa a nsolo osemedwa bwino, opakidwa mafuta, ena opindika pakati kuti alowe m'cikwama ca wokwera ndege. Wogulitsa amakhala pansi ndi mlendo namphunzitsa kuyenda ndi kudya m'mphindi zowerengeka, monga mwa mwambo wa kwao kwa wogulitsayo, namlola apambane kamodzi. Dzuwa likapendeka amalonga zosema zace, nanka ku komboni, kumene maenje ena ngoumbidwa ndi simenti kuti mvula isawafotsere, ndipo amapeza anzace atayamba kale, nadikira kuti wina agonje.